Wotchi Yafera M'kabati

4 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni kuchokera kwa mzime wa amayi anu, yemwe uja mumati mutu wake suyenda bwino. Ine ndili bwino, ntchito yometa ikuyenda, anthu a m'tauni muno tsitsi silikuwathera. Nanga inu ndi makina anu osokera? Amayi ali bwanji? Makamaka ndiuzeni za bambo. Chidwalireni sitiroko ija akukana foni, akuti lilime likulemera ndiye safuna ndiwamve akutafuna mawu. Nchifukwa chake ndabwerera ku makalata ngati wofunsira mbeta wakale. A dalaivala a basi avomera kumatinyamulira, malipiro ake nkuwameta ulere.

Kodi mkono wamanzere uja ayamba kuugwedeza? Adokotala ananenetsa, ine ndili pomwepo, kuti akapanda kuulimbitsa ndi kumayenda miyezi inoyi, uuma mpaka kalekale. Ndikakumbukira mawu amenewo chakudya sichilowa.

Tsopano khalani pansi mumve nkhani yabwino. Ndapeza wotchi ina. Musayambe kupukusa mutu. Pansi pa masitepe a sitolo ya mankhwala pali mdala wina wokonza mawotchi, amakhala ndi kagalasi m'diso ndi chitini cha mabisiketi chodzaza mawotchi akale. Anga onse ndinagula kwa iyeyo, ndipo palibe imene inaposa mtengo wa nsapato. Ndinawakoleka pa misomali m'mbali mwa kalilole wa m'shopu. Ilipo yoyera imene ndimaitchula Mphunzitsi chifukwa sichedwa, ilipo Chidakwa imene lero ithamanga mawa nkutsalira, iliponso yobiriwira, Kabuluzi.

Koma yatsopanoyi, achemwali, ndi nkhani ina. Nkhope yake ndi yabuluu, ndipo kumsana kwake kuli galasi, moti m'mimba mwake monse mumaoneka. Muli timagudumu ta mano, timiyala tofiira, kagudumu kena kovina uku ndi uku ngati mtima, ndi kachitsulo konga theka la mwezi kamene kamazungulira mukaipendeka. Tsiku loyamba ndinaiyang'anitsitsa mpaka ndinam'tsegulira msewu m'mutu kasitomala wina. Ndinamuuza kuti ndi sitayilo yatsopano, anapita akusangalala.

Ndagona nayo sabata imodzi, koma mtima wandiuza kuti si yanga. Munthu amene moyo wake wonse anaima pa siteshoni ya sitima ndi wenzulo kukamwa, maso pa wotchi, sangakhale ndi mkono wopanda kanthu. Yawo ija inasowa kuchipatala. Ndiye iyi ndaikulunga m'sokosi yatsopano, ili m'kabokosi ka sopo. Muwapatse bambo.

Ndine mzime wanu.


16 Malichi

Iwe Mzime,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwambo, koma ukanakhala pafupi ndikanakukoka khutu. Ife tilipo. Mayunifolomu a sukulu andichulukira, msana ukuchita kulira.

Bambo ali pa mpando wawo uja wa pawindo. Mkono uli gone pamwendo ngati ndi wa munthu wina. Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala akusewera nako ndi mphaka. Ndikati tiyeni tiyende mpaka pageti, amati geti analiona kale.

Wotchi yako tinailandira ngati mlendo wochokera kunja. Amayi anayamba asamba m'manja asanaigwire. Bambo anaiika pakhutu, ndipo koyamba chibwerereni kuchipatala ndinaona mbali yamoyo ya pakamwa pawo ikumwetulira. Kenako amayi anati chinthu chokongola chotere sichovala pakhomo, chingakalike. Anasuntha mbale za alendo zija m'kabati, nkuyala kansalu koluka, nkuigoneka pakati, nkukhoma. Kiyi ali pachingwe m'khosi mwawo. Oyandikana nafe anabwera kudzaionera pagalasi.

Tsiku lachiwiri inafa.

Ndinapita nayo kwa bambo wokonza mafoni uja kuti aikemo batire. Anaitembenuzatembenuza, nkundiuza kuti amene anakugulitsayo anaba batire pamodzi ndi malo ake omwe. Chodabwitsa nchakuti panjira inadzuka, nkumayenda bwinobwino m'chikwama. Nditaibwezera m'kabati sipanatenge nthawi, inafanso. Amayi anati chinthu chofa nkudzuka chokha sagona nacho m'nyumba, ndiye achivundikira ndi thaulo.

Zoseketsa zithere pomwepa. Bambo anaiyang'ana nthawi yaitali ili chiimire, kenako anati, "Mwanayu wandidziwa. Wanditumizira mnzanga, tizikhala awiri oima." Tsiku limenelo sanadye. Ine ndinakalirira kuseri kwa makina kuti asandione.

Unkaganiza chiyani potumizira munthu wodwala chinthu chakufa? Yankha msanga.

Mchemwali wako.


19 Malichi

Achemwali anga,

Khutu lija ndadzikoka ndekha, mbali zonse ziwiri. Amati safunsa anadya phula, koma pano wolakwa ndi amene sananene. Ndinalemba za timiyala tofiira ndi za Chidakwa, nkuiwala chinthu chimodzi chokhacho chofunika.

Wotchiyo sinafe ayi, ili ndi njala. Batire ilibe, ndipo sinakhalepo nayo chibadwire. Chakudya chake ndi mkono wa munthu. Kachitsulo konga theka la mwezi kaja kamazungulira mkono ukamagwedezeka, nkumakunga sipuling'i ya m'kati, sipuling'iyo ndiyo imayendetsa mivi. Mukaivala nkumayenda, kusesa, kuloza anthu, imakhuta. Mukaigoneka, imadya zimene inasunga kwa tsiku limodzi ndi theka, kenako zii. M'chikwama mwanu muja inadzuka chifukwa mumayenda mogwedeza ngati mukuthamangitsa wakuba. Kamutu ka m'mbaliko musavutike kukapukusa, pa mawotchi otchipawa nkongosinthira nthawi basi.

Nditamufotokozera mdala wokonza mawotchi za kabati ndi thaulo, anaseka mpaka kagalasi kanagwa m'diso. Akuti wamvapo za mawotchi ophwanyika, omira, obedwa, koma yophedwa ndi ulemu ndi yoyamba.

Anga kuno ndimawadyetsa mosinthanasinthana. M'mawa ndimavala awiri, wina kumanja wina kumanzere, masana nkusintha. Makasitomala odikira pabenchi ndimawaveka otsalawo, ndimati m'malo mongoyasamula gwedezani mkono. Wina anafuna kutuluka ndi Kabuluzi, ndinam'gwirira pakhomo.

Chinthu china, ndisaiwalenso: isakhudze madzi. Mdala akuti kamphira kotchinga madzi kanatha kalekale.

Chonde awerengereni bambo kalatayi lero lomwe. Mawu awo aja andibaya, sindikupeza mtendere. Muwauze kuti sindinawatumizire chinthu choima. Ndinawatumizira chimene ndimachikonda kuposa zonse zimene ndili nazo.

Mzime.


10 Epulo

Mzime,

Kalata yako ya pa 19 Malichi yafika dzulo, ikununkha oyilo. Basi inafera panjira, a dalaivala nkuisiya kugalaji kalata ili m'kati. Masabata onsewa ine ndimati wakwiya, amayi amati manyazi akugwira, bambo amati palibe amene anakupempha wotchi. Azimayi a kutchalitchi anabwera nkuipempherera wotchi yako ili m'thaulo momwemo.

Ndinawerenga mokweza onse akumva. Amayi anati, "Ndiye kuti tinaimana chakudya? Mlendo m'nyumba mwanga?" Anathamanga kukatsegula kabati ngati mphika ukupserera.

Ine ndinawerenganso chamumtima, mutu nkuyamba kundisokera zinthu. Iwe unatumiza chidole, koma sukudziwa kuti unatumiza nesi. Ukuwadziwa bambo ako. Munthu amene akalowa m'nyumba ya eni nkupeza wotchi ya pakhoma yaima, amakwera pampando nkuikonza asanapereke moni. Ameneyo angalole wotchi kufera pamkono pake?

Ndinawamanga lamba kumanzere. Iwo anati, "Manga kumanja kuno, kumene kuli moyo."

Ndinati, "Mwana wanu akuti imeneyi imadya kumanzere kokha. Mukaivala kumanja imayenda chobwerera m'mbuyo."

Anandiyang'ana ndi diso lija ankayang'anira anthu okwera sitima opanda tikiti. "Ine ndayamba kugwira mawotchi iwe usanabadwe. Yobwerera m'mbuyo sindinaionepo."

"Imeneyi ndi yamakono, bambo."

Ndiye ukamawalembera usandiyalutse. Bodza ili ndi la tonse awiri tsopano.

Ndaigwedeza ndekha kuti idzuke, ndaitchera nthawi, ndawauza kuti kuyambira pano ikafa wapha ndi iwo. Anangoti, "Tiona." Koma ndawapeza kawiri akuisuzumira ngati mwana wogona. Amayi akuti ndikuuze kuti mawotchi saphika, upeze munthu.

Mchemwali wako.


28 Epulo

Mzime wanga wanzeru,

Waona moni wa lero? Umusunge, sabwera kawirikawiri.

Wotchi sinaime ngakhale kamodzi. M'mawa uliwonse ndisanatulutse makina pakhonde ndimakaona, ndimapeza kamuvi kakuthamanga ngati kalandira malipiro. Madzulo chimodzimodzi. Bambo amangotambasula mkono ndi dzanja linalo nkundionetsa, nkhope ili phee. Maso ndi maso sindinawaonepo akuchita masewera a adokotala aja, koma ukudziwa kunyada kwawo, ayenera kuti amachita ine ndili kalikiliki panja. Ndauza kale makasitomala anga onse kuti mlongo wanga wa m'tauni wachiritsa bambo ndi wotchi. Ndikuyenda ngati ndapambana chisankho.

Amayi nawo chimwemwe chawapatsa mphamvu. Akusesa pabwalo kawiri pa tsiku, akuchapa ndi zoyera zomwe. Kungoti ayamba kuvala juzi ya manja aatali dzuwa lili phwee, akuti ukalamba umabwera ndi mphepo. Dzana anam'kalipira mayi wogulitsa masamba kuti wachedwa, teni koloko yadutsa kale. Amayi athu omwe aja amene nthawi amaonera mthunzi wa mpanda.

Ndatumiza malaya amene ndakusokera. Ukawadetsa ndi tsitsi la anthu usandiuze.

Mchemwali wako wokondwa.


28 Epulo

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Zilembo zikupendama chifukwa pepala likuthawa, dzanja loligwira palibe. Ndalitsamiza ndi kapu ya tiyi, chizindikiro chozungulira pakonapo ndi chimenecho. Kalatayi apereka amayi ako kwa a dalaivala mwamseri. Mchemwali wako asaione.

Wotchi ndi yabwino. Ndaimvetsera, kugunda kwake nkoongoka. Zoti kumanja imabwerera m'mbuyo ndi bodza la mchemwali wako, ndinayesa tsiku loyamba lomwe.

Pali vuto laling'ono. Galasi lachita nthunzi m'kati, pakati penipeni, ndipo m'mawa uno taona timadontho. Usafunse zambiri. Ingodziwa kuti mkono wanga ndi wolemera ngati njanji, ndipo amayi ako ndi munthu wachifundo amene mikono yake sikhala chete. Mchemwali wako akatuluka, iwo amaivala pamwamba pa chigongono nkuphimba ndi juzi. Madzulo amandibwezera ili yokhuta. Dongosolo limeneli layenda bwino popanda ngozi mpaka Lolemba, tsiku lochapa mabulangete, pamene lamba anatsetsereka.

Funsa mdala wakoyo chochita. Amayi ako akuti tiiyanike padenga. Ine ndakana. Pakali pano mchemwali wako akabwera kudzaona, ndikumaphimba pakatipo ndi chala ngati ndikumulozera nthawi.

Usaseke. Ndikudziwa kuti ukuseka.

Bambo ako.


5 Meyi

Iwe,

Moni uja ndinakupatsa sabata yatha ubweze. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo mbuzi yake ndine.

Loweruka ndinalowa kukhitchini kudzatenga makala a ayironi, ndinapeza amayi atagwada pa mbaula, akuwamba wotchi yako pa supuni ngati chiwala. Bambo ali pakhomo ndi ndodo yawo, ati akulondera. Taona, kuchoka pawindo kufika kukhitchini anayenda okha, chifukwa cha umbava.

Ndinati, "Amayi, mukuphika chiyani?"

Anati, "Ikumva kuzizira."

Ndinawakwinyira juzi m'mwamba, ndinapeza mzere wa lamba pamkono wawo, woyera bwino. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Onse awiri anangoti maso pansi ngati ana ogwidwa ndi shuga m'manja. Kenako amayi anati, "Ndimawamvera chisoni. Akayesa kuukweza amatuluka thukuta, misozi nkulengeza. Iwe sumaona, umakhala panja."

Apo ndinafuna kukalipa, ndinafunanso kuseka, mapeto ake ndinachita zonse ziwiri. Ndinawauza kuti chisoni chimenecho ndicho chiumitse mkonowo, ndipo adokotala akutidikira mwezi wa Julayi. Ndili ndi mantha, Mzime. Miyezi ikutha.

A dalaivala andiuza kuti tsiku lija ananyamula makalata awiri ochokera nyumba ino, ndiye usanamizire kudabwa. Wotchi ndakutumizira, ipite kwa mdala wako. Pobweza, lamba wachikopayo usunge konko. Ndingofuna mutu wake wokha, zinazo ndidziwa ine.

Mchemwali wako.


21 Meyi

Achemwali, ndi bambo ngati mukumvetsera,

Moni nonse, kuphatikizapo amayi, wantchito wamkulu wa kampani yodyetsa mawotchi.

Makalata awiri aja ndinawawerengera limodzi, kasitomala ali pampando thovu lili kumaso. Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi, munthuyo anadzipukuta yekha nkumapita. Sindinayankhe chifukwa ndinagwira njakata: ndikaulula ndapereka bambo, ndikabisa ndapereka mkono wawo. Mwandipulumutsa pogwira akubawo nokha.

Wodwala wathu wachira. Mdala anaitsegula ine ndikuona, mtima uli m'mwamba. Anatulutsa kagudumu kalikonse ndi kachitsulo kotolera, nkumatiyala pa pepala loyera, tina tating'ono ngati nthata. Anatsuka, anaumitsa, anadontheza mafuta ndi nsonga ya singano, nkuikamo kamphira katsopano. Atabwezeretsa kagudumu kovina kaja, kanangoyamba kokha kugunda. Achemwali, ndinaombera m'manja pansi pa masitepe a eni. Mdala anafunsa kuti fungo la utsi lachokera kuti, ndinati kwathu timakonda alendo.

Chilema chimodzi chatsala. Akuti izitsalira pang'ono tsiku lililonse, mwina mphindi imodzi pa masiku angapo, ndipo pa mtengo umene ndinagulira tisadandaule. Bambo, pepani, ndikudziwa kuti kwa inu mphindi imodzi ndi mlandu.

Lamba ndasunga monga mwalamula. Ndikuopa kufunsa.

Mzime.


14 Juni

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Kapu yatayikiranso pang'ono, uwerenge mozungulira.

Mchemwali wako ndi munthu woopsa, anatengera amayi anga. Wadula nsalu yolimba ya yunifolomu, waipinda katatu, waipisa m'makutu a wotchi, nkundisokerera pamkono ndi ulusi wa nsapato. Chomangira palibe. Kuti ichoke mpaka sizasi, ndipo sizasi zonse akugona nazo. Posamba akundikulunga pulasitiki ngati nyama ya m'sitolo.

Masiku oyamba inafa kawiri. Sindinagone nazo bwino. Wotchi yoima pamkono wa munthu wa sitima ndi chitonzo.

Koma nkhalamba saipusitsa. Ndapeza njira, ndipo iyi usauze munthu. Ndikumalowa kuchipinda nkutseka chitseko. Ndimagwira dzanja lakufali ndi lamoyoli, zala kulowetsana, nkulikweza mpaka pamutu, nkulitsitsa, kenako uku ndi uku ngati ndikuweyula mwana. Ndimamva kachitsulo kaja kakuzungulira m'kati. Ndikatero m'mawa, masana ndi madzulo, imakhuta bwinobwino. Zimapweteka paphewa, koma mchemwali wako atandiona angaganize kuti ndikuchita masewera a adokotala, pamene ine ndikungodyetsa wotchi. Amayi ako akudziwa, amandiwerengera kuseri kwa chitseko.

Za kutsalira zija ndi zoona, ndipo zikundinyansa. Wailesi sindiikhulupirira, anyamata ake amalengeza nthawi akamaliza kuseka. Foni ya mchemwali wako sindiigwira. Wotchi yoona m'dera lino ndi imodzi yokha, ya pakhoma pa siteshoni, imene ndinkaisamalira ine. Ndikanakhala ndi miyendo.

Kodi Chidakwa wakoyo amathamanga kwambiri ukamugoneka chafufumimba kapena chagada? Yesa undiuze. Ndikufunsa chabe.

Bambo ako.


9 Julayi

Mzime, Mzime,

Khala pansi, ndipo ngati uli ndi munthu pampando uyambe wamaliza kumumeta.

Choyamba, chinsinsi cha bambo ndimachidziwa. Chitseko cha kuchipinda chija chili ndi mng'alu, ndipo amayi powerenga amafuula ngati ali pamsika. Ndinasuzumira tsiku lina ndinaona bambo akukweza mikono yonse iwiri pamutu, nkhope ili yonyada ngati akubera boma. Ndinathamangira pa pepala la masewera limene anatipatsa kuchipatala, lija anakana kuliyang'ana. Chithunzi choyamba ndi chimenecho, ndendende. Ndinaluma nsalu kuti asandimve kuseka. Chiyambire pamenepo ndimangodandaula mokweza kuti kaya wotchiyi ikukhuta bwanji, iwo nkumatsinzinira amayi.

Tsopano za Lachinayi. Ndinalowa m'nyumba kudzawapatsa tiyi, mpando wa pawindo uli wokha. Kuchipinda kulibe, kubafa kulibe, ndodo palibe. Geti lili pululu. Amayi anayamba kulira. Ndinathamanga msewu wonse tepi yoyezera ili m'khosi, ndikufunsa aliyense. Wokonza mafoni anati awaona akudutsa pang'onopang'ono, atavala jekete yawo ya ntchito, ndipo atawapatsa moni anayankha kuti alibe nthawi.

Ndinawapeza pa siteshoni. Aima pansi pa chiwotchi cha pakhoma, ndodo aikoleka pa benchi, akukangana ndi bwana watsopano wa pamenepo. Lilime lolemera lija linali kuthamanga bwino lomwe.

"Yanuyi yatsogola," akutero bambo.

"Ayi madala, yanuyo ndiyo yatsalira."

"Yanga ndikudziwa kuti imatsalira, ndi yotchipa, ndawerengera kale zimenezo. Ndikachotsera kutsalira kwake, yanuyi yatsogolabe. Munaipukuta liti m'kati?"

Bwanayo anakanda m'mutu. Ine ndinafika ndili wefuwefu, mawu okalipa ndawakonza kale. Koma ndisanatsegule pakamwa ndinaona chinthu. Pomuonetsa bwanayo nthawi, bambo anakweza mkono wamanzere. Wokha, Mzime. Dzanja lamanja linali kuloza pakhoma. Unangofika pachifuwa, ukunjenjemera, koma unakwera wokha. Iwo sanazindikire nkomwe, anali otanganidwa ndi kupambana mlandu.

Ndinakhala pa benchi nkulira ngati mwana, anthu odikira sitima akundiyang'ana. Bambo anatembenuka nkuti, "Iwe, ukutichititsa manyazi pa ntchito."

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono, tinapuma kangapo, ndipo anagona masana onse. Dzulo tinapita kwa adokotala. Anawagwiragwira, nkunena kuti phewa lamasuka, chigongono chikubwera, zala ndizo zatsalira. Anafunsa kuti ndani wawalimbikitsa masewera. Bambo anati, "Ine masewera sindichita."

Akuti mawa apitanso ku siteshoni, bwana uja wawapempha akaone chiwotchicho m'kati. Bwera udzaone wekha, ndipo ubwere ndi lamba uja.

Mchemwali wako.


30 Julayi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Moni.

Wotchi ya pa siteshoni ndaikonza, tsopano sitima zikuchedwa pa nthawi yoyenera. Ndikumapitako m'mawa uliwonse kukatchera yangayi. Mchemwali wako wadula nsalu ija. Pamkono patsala mzere woyera, amayi ako akuti tsopano tafanana.

Akuti ukubwera mwezi wamawa. Usabwere chimanjamanja. Pita kwa mdala wako, umuuze akufunire m'chitini mwake wotchi ya mtundu wakale, yopanda kachitsulo kozungulira, yochita kupukusa kamutu ndi zala m'mawa uliwonse. Ikhale yotchipa, kamutu kake kakhale kakang'ono ndi kolimba. Imeneyo ndidzavala kumanja. Ukudziwa kuwerenga, wadziwa zala zimene zidzapukuse. Mchemwali wako asaganize kuti ndi nzeru za adokotala, ine ndikungofuna ziwiri kuti zizitsutsana. Ubwerenso ndi Chidakwa, ndimuone khalidwe lake. Kabati ya amayi ako ili ndi malo, koma muzigona mbale zokha.

Tsiku lija ndinanena kuti wanditumizira mnzanga woima. Mawu amenewo ndawabweza. Unachita bwino, mwana wanga, ndipo ndakusowa.

Kalatayi ndikapereka ndekha kwa a dalaivala. Usanaipinde, yang'ana m'makona onse anayi. Chizindikiro cha kapu palibe. Pepalali ndaligwira ndekha.

Bambo ako.